Njovu Zimene Sizinathawe

Fungo la tsabola wopsa limandibwezera kwa Malama, ndili giredi sikisi. Aphunzitsi anatiuza kuti tilembe nkhani yopeka. Ine ndinalemba za njovu zimene zinadya mapira athu onse, utsi wa tsabola ndi ndowe utalephera kuzithamangitsa. Ndinalembanso za amayi atakhala m'mapesi othyoka, osalira n'komwe.

Pobweza mapepala, aphunzitsi anandiitana kutsogolo. Langa linali lokhwatchidwa ndi inki yofiira.

"Iwe, chopeka chili pati apa? Izi zimachitikira aliyense muno. Kalembenso, ndipo njovuzo zithawe."

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa bwemba, pensulo m'manja, malaya akununkhabe utsi. Ndinatsinzina, kuyesa kuziona zikuthawa. Zinangoima m'munda mwathu, zikutafuna.