Mpweya wa pa Mbaula

Chaka changa chachiwiri kuyunivesite ku Lusaka, tinaphunzira mmene tingadziwire mankhwala amene amagwira molimba kuposa anzake. Njira yake ndi yowapikisanitsa: umaika awiri pomwe pali malo amodzi okha ogwirapo, n'kuona amene watsalapo. Tsiku lina aphunzitsi anabweretsa timabotolo ta himogulobini, chinthu cha m'magazi chimene chimanyamula okosijeni. M'kabotolo kamodzi analowetsamo mpweya wa kaboni monokisaidi, pang'ono chabe.

"Onani mtundu," anatero aphunzitsiwo. "Okosijeni wachotsedwa pamalo pake, ndipo mpweya watsopanowu ukagwira sutaya msanga. Ndi mpweya womwe umatuluka pa mbaula."

Madzi a m'kabotolomo anafiira mowala. Anzanga anayamba kuyeza pamakina, koma ine ndinangoyang'anitsitsa kabotoloko. Kufiira kumeneko ndinali nditakuonapo pamilomo ya achemwali anga.

Achemwaliwo ankagulitsa nsalu m'shopu ina ku Chipata, ndipo ankakhala okha m'kachipinda ku Kapata. M'mwezi wa Juni, kutazizira kwambiri, analowetsa mbaula m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi zenera. M'mawa mwake anzawo akuntchito ndiwo anathyola chitsekocho. Ine ndi amama titafika kuchokera ku Chiparamba, tinawapeza ali ngati munthu wogona tulo, nkhope yosalala, milomo yofiira bwino. Amama anakana zoti ndi mbaula imene inawapha. Ankati munthu sangafe akuoneka bwino chotero popanda dzanja la wina. Kuyambira pamaliro pomwepo anasiya kupatsana moni ndi azakhali, omwe anali atakanganapo ndi achemwali pa nkhani ya munda.

Nditapita kumudzi pa holide, ndinapeza amama akutongola chimanga pakhonde. Ndinakhala pambali pawo n'kuwafotokozera zimene ndinaona m'kabotolo muja, pang'onopang'ono. Anamvetsera osadzutsa mutu.

"Ndiye sanamve kuwawa?" anafunsa.

"Mwina mutu chabe, amama. Kenako tulo."

Anayang'ana chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo.

"Mbaula ija ndinamugulira ndine," anatero. "Ankadandaula za mphepo."

Ndinali nditabwera ndikuganiza kuti ndawabweretsera mpumulo. Tinatongola chimanga chotsalacho.

Mvula itayamba, amama anapita kwa azakhali atanyamula nkhuku. Ine ndinali nditabwerera kale ku Lusaka, ndipo zimene anakambirana kumeneko sanandiuze mpaka lero.