Sikelo ya a Mapewa

Zoti a Mapewa anadyetsedwa mankhwala achikondi ndi bodza, ndipo amene anayambitsa nkhaniyi tikumudziwa. Inde, anthu amawaona kuseri kwa khola atanyamula akazi awo m'manja ngati khanda. Koma chikondi chake chiti, munthu woti sanawagulirepo ngakhale mpango?

A Mapewa anakulira kudepoti, kunyamula matumba a feteleza, dzinalo n'kuwakanirira. Msana utayamba kudandaula anagula ng'ombe, n'kumva kuti mwana wa ng'ombe amamwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba molingana ndi kulemera kwake. Sikelo analibe. Chimene ankadziwa bwino kulemera kwake ndi akazi awo, poti anawayeza kuchipatala ali ndi pathupi pa mwana woyamba, amene pano ali ndi ndevu.

Ndiye nthawi yomwetsa ikakwana, ankanyamula mayi, kuwatsitsa, kunyamula mwana wa ng'ombe, kutsinzina pang'ono.

"Uyu ndi theka la inu."

"Theka lake lakumtunda kapena lakumunsi?" mayi ankafunsa, akukonza chitenje.

Kwa zaka zambiri zinkayenda. Kenako ana a ng'ombe anayamba kukanika: mimba ngati ng'oma, nthiti pamtunda, ubweya nyankhalala, kumbuyo ndowe zokhazokha. Awiri anafa. Kunatsala kamodzi kakakazi, kamene kakanapita khola likanathera pomwepo.

Alangizi a ziweto atabwera anakazunguliza tepi yoyezera kulemera pachifuwa, n'kuyang'ana sirinji ya a Mapewa.

"Bambo, apa njokazi mumangozipatsa moni. Kulemeraku munakutenga kuti?"

A Mapewa anayang'ana kukhitchini. Mayi ankatuluka pakhomo chammbali, chifukwa molunjika sankakwananso.

"Ndinangoganizira," anatero a Mapewa.

Madzulo mayi anafunsa zomwe alangizi apeza.

"Akuti ng'ombe za masiku ano zili ndi mafupa olemera."

"Ndinadziwa. Ine ndiye sindinasinthe."

"Simunasinthe, mayi ake."

M'mawa mwake anagula tepi yawo, n'kuibisa m'denga la khola. Kamwana kaja kanamwa muyezo wokwanira, pano kakuthamangitsa nkhuku. Koma kusiya kunyamula mayi sangayerekeze, angafunsidwe chifukwa. Amawanyamulabe, mtsempha wa pakhosi uli panja, kenako mayi akalowa m'nyumba amatsitsa tepi n'kuyeza zenizeni.

Zoona zake n'zakuti mayiwo ananenepa, ndipo pakhomopo palibe wolimba mtima woti awauze.