Mtengo wa Mango wa a Khutu

Dzina lakuti a Khutu anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa mbalame ikangotsokomola kuseri kwa phiri iwo ankakuuzani mtundu wake ndi chimene yadya. Akazi awo akawaitana ali pakhonde pomwepo sankamva, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi ntchito yawo inali yoyendetsa alendo m'nkhalango yotetezedwa. M'mamawa ankaima pageti atavala jombo, n'kuuza alendowo kuti fodya ayi, kuthamanga akaona njati ayi, ndipo mafoni atseke pakamwa. Kenako onse pamzere, magalasi oonera patali ali lendelende m'khosi.

Chimene kabuku ka pageti sikankanena n'chakuti a Khutu anabadwira m'nkhalango momwemo, mpanda usanabwere. Anthu atasamutsidwa, nyumba zinagwa, minda inasanduka tchire. Unatsala mtengo wa mango m'mbali mwa mtsinje, ndipo pansi pake panagona amayi awo, popanda mwala kapena chikwangwani. Lamulo silinkalola munthu kulowa kukaona manda, koma silinkaletsa kuonetsa alendo kadzidzi wodya nsomba, amene anakonda mtengo womwewo. Ndiye ulendo uliwonse unkadzera pamenepo. Alendo maso m'mwamba, a Khutu maso pansi, phazi likukankha masamba ouma. Chipewa ankavula, ati chisaopseze mbalame, alendo osadziwa kanthu n'kumavulanso zawo.

Tsiku lina pagulu panali mayi wina woonda, kabuku kali m'manja, amene sankayang'ana mbalame koma masamba. A Khutu anamuseka kuti wayenda mtunda wonsewu kudzaona udzu. Atafika pamango paja kadzidzi anali pompo, atatupa ngati munthu amene wadzutsidwa pa tchuthi. Enawo anatanganidwa ndi makamera. Mayiyo anazungulira mtengowo, n'kufunsa kuti unafika bwanji kuno.

Apa mpamene pakamwa panawapereka a Khutu. Akanangoti mbewu inabwera ndi anyani, bwenzi zitathera pomwepo. Koma zaka zonsezo panalibe amene anafunsapo za mtengowo, ndiye mtima unafewa. Anati unadzalidwa ndi manja a munthu, ndipo ana ake amera mpaka kumunsi kwa mtsinje. Analoza ndi chala, umodziumodzi, monyadira. Mayiyo analemba zonse n'kuthokoza mwaulemu.

Patatha milungu itatu, abwana oyang'anira nkhalango anawaitanira mu ofesi, muja muli fani yosazungulira ndi chigaza cha njati pakhoma. Anati mayi uja anali katswiri wotumidwa kudzafufuza mitengo yobwera imene ikulanda malo a mitengo ya m'nkhalango, ndipo lipoti lake lawayamikira a Khutu kwambiri. Mango onse adulidwa.

A Khutu anayamba ndi kadzidzi, kuti nanga azikagona kuti. Abwana anati mbalame ili ndi mapiko.

"Bwana, pansi pa mtengo umenewo pali amayi anga."

Abwana anatulutsa mapu m'kabati n'kuwayala patebulo.

"Madala, onani nokha, muno mulibe manda. Mukalimbikira kuti alimo, ine ndiyenera kulemba kuti zaka zonsezi mwakhala mukupatutsa alendo pa zifukwa zanu. Kwakutsalirani chaka chimodzi kuti mupume pantchito bwinobwino. Ndilembe?"

A Khutu anayang'ana mapuwo nthawi yaitali. Anali obiriwira bwino, opanda ndi kadontho komwe. Anati asalembe.

Lolemba kunabwera amuna atatu ndi makina odulira mitengo, koma njira sankaidziwa. Woidziwa anali mmodzi yekha, ndiye anamuika patsogolo. Atafika, a Khutu anapempha chinthu chimodzi, kuti mtengowo augwetsere kumtsinje, usagwere mbali yakumtunda kumene kunali kosesedwa, pamene panagona amayi awo.

Wamakina anayang'ana mmene unapendekera kumtunda komweko, n'kulavula.

"Umenewu ugwera komwe waweramira, madala. Tasunthani pamenepo."

A Khutu anasuntha.