Gemu Yolaula ya Ankolo Inandiphera Ukwati

Inu owerenga, ine ndinaluza mkazi amene ndinkafuna kumukwatira chifukwa cha katoni imene sindinayitsegule, komanso chifukwa cha mantha anga.

Mu 2014 ndinkaphunzira unesi mumzinda wa South Bend ku America. Ndinkasungidwa ndi mkulu wa mpingo wina wochokera kwathu, tonse tinkangowaitana kuti Ankolo. Ndiwo anasaina mapepala anga a sukulu, pogona panganso panali m'besimenti, chipinda chapansi pa nyumba yawo.

Loweruka lina ndinanyamuka kupita ku Indianapolis kukaonekera kwa azakhali a bwenzi langa, iyenso ali komweko. Ankolo anandipatsa katoni ya magemu akalekale olumikiza ku TV, aja a m'ma 1980, kuti ndikapatse ana a kumeneko. Paja kwathu wamkulu akakutuma, sufunyulula katundu wake. Ndinangoiponya m'galimoto.

Titadya, azakhali anati tiyese kaye ana asanabwere kosewera. Ndinalowetsa kaseti ina yopanda dzina. Mayo ine! Tizithunzi take tinali ta mabokosimabokosi, koma zochitikazo zinali zosabisika: kamwamuna kambulanda kakuthamangitsa mkazi, kakamugwetsa mapointi n'kumakwera.

Azakhali anadziphimba kumaso ndi chitenje. "Bambo inu, zimenezi n'zanu?"

Ndinatuluka panja n'kuwaimbira Ankolo. Sanadabwe n'komwe, anangoti, "Mwana wanga, usanditchule. Ukudziwa kumene ndakuchotsa."

Ndikanatani, abale? Ndikawatchula, mapepala anga athera pomwepo, ndipo ndani akanakhulupirira ine kusiya mkulu wa mpingo? Ndinalowa m'nyumba n'kunena kuti n'zanga. Bwenzi langa sanalire, anangotola chikwama chake n'kupita kuchipinda.

Chinkhoswe chinafera pomwepo. Nkhani inawanda pa mafoni, Amalawi a mizinda iwiri yonse akuti ndine wa zolaula. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti akulu a mpingo atandiitana kudzandilangiza, wotsogolera anali Ankolo omwewo. Ndinagwada, iwo n'kundisanjika dzanja pamutu kundipempherera. Ndinakhalabe pakhomo pawo zaka zina ziwiri, m'mawa uliwonse ndikuwadzutsa mwaulemu, mtima ukuwira.

Inu owerenga, musaganize kuti gemu ikakhala yakale ndiye kuti ndi ya ana. Zonyansa zinayamba kalekale. Katundu wotumidwa mutseguleni, kaya wakupatsani ndi wa imvi. Ndipo musamavomere tchimo la mwini poopa kusowa pogona. Mtsikana uja anakwatiwa ndi wina, ndipo mpaka lero amadziwa kuti gemuyo inali yanga.