Mphika wa Pamanda a Mayi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinapeza mtanda wa pamanda a mayi utagwa. Chiswe chinali chitaudya, dzina osawerengekanso. Chotsala chinali mphika wawo wa ndiwo, umene tinauboola kunsi n'kuuvundikira pamtumbira tsiku la maliro, monga timachitira kwathu ku Nzama. Unali ndi mizere yokhotakhota pakhosi, ndipo pakati pa mitumbira yofanana ija, mphikawo wokha ndiwo unkandiuza pamene mayi agona. Ndinkafuna kuwamangira chiliza, koma kachewere wa m'munda mwathu sakanandigulira simenti. Ndinauza mng'ono wanga Damiyano kuti azilambula pamandapo, ine n'kukwera basi.

Ntchito imene ndinapeza inali ya ulonda m'nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana. Munthu wamkulu ngati ine, kuima tsiku lonse kulondera mapale! M'magalasi munali miyala imene amati anthu akale ankasendera nyama, mikanda ya zigoba za mazira a nthiwatiwa, timafano tadothi tochokera kumaiko akutali, ndi zidutswa za miphika zonga zimene kwathu timamwetsera nkhuku. Alendo ankalipira pakhomo, n'kumayenda monyang'ama ngati alowa m'tchalitchi misa itayamba kale. Ndinkaipidwa nawo. Katundu wa akufa a eni ake, iwo kufukula n'kumadyerapo, kumeneko n'kumati maphunziro. Mzungu wina wandevu anaima kuyang'anitsitsa phale limodzi mpaka miyendo inayamba kuwawa ine, kenaka n'kundifunsa kuti, "Iwe, ukudziwa kuti ichi n'chamtengo kuposa galimoto?" Ndinangoti inde bwana, mumtima ndikuti sukulu ikachuluka imasanduka matenda.

Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anthu osamvana nawo chinenero. Lamlungu linkatalika koopsa. Kwathu akaimba foni, moni ankakhala wachidule koma pempho lalitali: feteleza, fizi, mankhwala. Za manda palibe amene anatchulapo. Tsiku lina, posowa woseka naye, ndinajambula phale lija n'kutumizira Damiyano, ndikumuuza kuti taona misala ya kuno, akuti ichi chikuposa galimoto. Iye anangofunsa kuti, "Zoona achimwene?" Ndinati zoona, ndipo nkhaniyo ndinaiiwala.

Nditabwerera ndinafika pamudzi ndi simenti pangolo, mmisiri nditapangana naye kale. Damiyano anandilandira mano onse pamtunda, n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko kunali matumba a feteleza odzaza mapale.

"Katundu wanu uyu, achimwene. Pobwerera mukagulitse kwa azungu anu aja, tidzagawana."

"Wazitenga kuti zimenezi?"

"Kumanda. Zimangoonongeka ndi mvula. Miphika yathunthu ndinaiphwanya kuti ifanane ndi ya pachithunzi chija."

Ankayankhula monyadira, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Mutu wake uja ndi wongonyamulira chipewa basi. Ndinakhuthula matumbawo pansi, ndipo m'thumba lomaliza ndinapeza kachidutswa ka mizere yokhotakhota. Sindinam'menye.

M'mawa mwake tinalowa kumanda ndi adzukulu okumba manda, pamodzi ndi amalume, mlongo wawo weniweni wa mayi. Udzu unali wofika m'chiuno. Panalibe mtanda, panalibe mphika, mitumbira itatitimira ndi mvula mpaka kufanana ndi nthaka. Amalume analoza pena. Atayenda pang'ono anasintha, n'kuloza penanso. Mdzukulu wina anati akukumbukira kuti panali mtengo wa msuku pafupi, koma manda onsewo ndi misuku yokhayokha. Nditamufunsa Damiyano, anakanda m'mutu.

"Ine ndinkatola mothamanga, achimwene. Kumanda si malo oyang'anayang'ana."

Awa ndi anthu amene pamaliro a mayi ankagubuduka pansi, kulira mpaka mawu kutha. Chichokereni ine, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako, kupatula wakuba uja. Azungu amene ndinkawanyoza aja, ngakhale ndi adyera, akatola phale amalemba pamene alitola. Abale anga amaloweza tsiku limene ndalama ya ku Joni imafika, koma pamene anaika mlongo wawo ndi mayi wawo sakupadziwa.

Dzuwa litakwera, amalume anayamba kutopa. Anapukuta thukuta n'kugogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Mphwanga, mbuzi yaphedwa kale, thobwa lapsa, anthu akudikira kumudzi. Manga apa. Akufa sadandaula."

Onse anavomera msangamsanga, chifukwa fungo la nyama linali litayamba kufika kumandako. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anachita manyazi. Simenti inali itasakanizidwa kale, ndipo ine ndinalibe malo ena oti ndiloze.

Tinamanga. Mmisiri anandipatsa msomali kuti ndilembe pa simenti yaiwisi, ndipo ndinalemba dzina la mayi pamwamba pa munthu amene sindikumudziwa, abale akuimba nyimbo ya Maria mofulumizitsa kumbuyo kwanga. Mayi ali penapake m'udzu umenewo. Mwina tsiku limenelo ndinawaponda.