Anawalozetsa ku Kibula

Maimuna wa kwa Malengachanzi ndiye ankasambitsa akazi achisilamu akamwalira, ndipo anthu ankati mayi ameneyu mantha sawadziwa. Bodza lenileni! Sanamuone tsiku lija.

Chinali chaka chimene asilikali a Keyala anabwerako ku nkhondo ya ku Bama, nthawi yokolola mpunga. Amuna ake, a Fakiri, anafika pabwalo ndi mtolo pamutu, dzuwa lili paliwombo, n'kungoti khu! chagada. Maimuna anathamangira pomwepo. Manja ake anachita okha zimene ankachita nthawi zonse asanavomere kuti munthu watisiya. Anawaitana dzina, anawatsina paphewa, koma kunali zii. Anaika tsaya pamphuno pawo, maso ali pachifuwa. Mpweya unalipo, koma pakhosi pankawira ngati madzi otuluka m'chipanda. Phokoso limenelo ankalidziwa. Analimvapo kwa mwana wake woyamba, ndipo mwanayo sanadzuke.

Esitere, mnansi wawo wa ku mishoni, anabwera ndi chikho cha madzi kuti awamwetse. Maimuna anachikankhira uko. Munthu akulephera kumeza malovu ake omwe, madzi awameza bwanji? Komatu musaganize kuti ankadziwa zopulumutsa munthu, ayi. Chimene ankaopa n'chakuti amuna ake angafe chagada ngati opanda mwini, asanayang'ane ku kibula kumene Asilamu amaloza poswali.

Anagwada, dzanja lina litagwira mutu, n'kuwagubuduza pang'onopang'ono kuti agonere kumanja, nkhope kumpoto, monga amachitira ndi munthu wotsirizika. Anawapinda bondo kuti asagwe chafufumimba, anawaika dzanja pansi pa tsaya, n'kuwakweza chibwano. Anayamba kuwanong'oneza mawu otsiriza a chikhulupiriro, koma sanamalize. Masanzi anatuluka pakamwa pa a Fakiri n'kuyenderera pansi. Anawapukuta m'kamwa ndi nsonga ya nsalu yake, ndipo phokoso lija linatheratu.

Bata limenelo ndiye linamuopsa koposa. Anaikanso tsaya pamphuno, mtima uli m'mwamba, ndipo mpweya wofunda unamuwomba, ukulowa ndi kutuluka bwinobwino. Anatuma Esitere kukaitana amuna a machila kuti apite nawo kuchipatala. Iye sanasunthe, dzanja lili panthiti za amuna ake, kuopa kuti akalichotsa nazonso zileka kuyenda.

Machila asanafike, a Fakiri anatsegula maso. Anayang'ana kumene anawalozetsa, kenako ananena ndi mawu osasa: "Amake Safiya, mwanditembenuza kale? Mwafulumiratu."

Anthu amene anasonkhana anaseka mpaka misozi, ndipo a Fakiri anakhalabe ndi moyo mpaka kuona zidzukulu. Koma Maimuna sanaseke nawo. Ankayang'ana masanzi aja pansi, akukumbukira mwana wake woyamba, amene anamusiya chagada pamphasa iye n'kuthamanga kukaitana shehe.