Tinatseka Njira ya Mvuu

Anzanga, zimene ndikufuna kukuuzanizi zinachitikadi, ndipo ndikanakhala kuti ndikupeka, bwenzi nditasankha nkhani ina, osati iyi yoti ndikuonekamo ndili ndi thovu la sopo m'mutu. Zinali m'zaka za m'ma 1990, ndili giredi seveni, ndipo madzulo a tsikulo ndinazilemba m'kabuku kanga.

Atate anali mphunzitsi, ndipo boma linawatumiza kuchigwa cha Luangwa kuchokera ku Kabwe. Poyamba tinkakhala m'nyumba ya sukulu, yodontha moti mvula ikagwa mapoto onse ankathera pansi kulandira madzi. Ndiye atamva kuti sikauti wina woyang'anira nyama wapuma ntchito ndipo akugulitsa nyumba yake kuti abwerere kwawo, atate anatenga zonse zimene anasunga moyo wawo wonse n'kuigula. Inali ya njerwa zowotcha ndi malata, kumtunda kwake kuli phiri, kumunsi kuli dziwe lalikulu. Amayi atalowamo tsiku loyamba anasisita khoma ngati akusisita mwana.

Chimene chinatidabwitsa chinali mpanda. Unali ndi mpata waukulu mbali ya kuphiri ndi wina mbali ya kudziwe, ndipo pakati pa mipata iwiriyi panadutsa kanjira kokumbika, kamizere iwiri, udzu uli pakati. Sikauti uja sanabise kanthu ayi. Anawauza atate maso ndi maso kuti imeneyo ndi njira ya mvuu, kuti madzi akadzaza zimadutsa pamenepo popita kukadya ndi pobwerera, ndipo asadzayerekeze kuitseka. Koma unali mwezi wa Okutobala, dziwe litauma gwa, matope atang'ambika, mbuzi zikuyenda pakati pake. Inu mukanakhulupirira? Atate anaseka, nati mvuu ikapeza mpanda wolimba idzazungulira, monga amachitira mwana wa sukulu akapeza chitseko chotseka. Mpata wa kuphiri anautseka ndi bango, wa kudziwe anaikapo mitengo ya mupani yopingasa, yoti titha kusolola tikafuna kukatunga madzi, ndipo panjira paja amayi anadzalapo repu ndi tomato.

Mvula itabwera dziwe linadzaza, ndipo tinayamba kumva mvuu zikulira, koma masabata anapita osaona kanthu pabwalo. Atate ankayendera mpanda wawo manja ali kumbuyo, n'kumafunsa amayi kuti kodi saona kuti nyama nazo zimamva mwambo.

Tsikulo atate anali atapita ku Jumbe kumsonkhano wa aphunzitsi. Kunacha ndi mitambo, kamvula kakuwaza, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti kukacha chotero mvuu zimachedwa kubwerera kumadzi. Ine ndinali m'bafa ya udzu, kumunsi kwa bwalo pafupi ndi mitengo yopingasa ija, ndikusamba kuti ndipite kusukulu. Amayi anali m'nyumba ndi mng'ono wanga wakhanda. Ndinangomva bango likuthyoka kumtunda, nkhuku zikubalalika, kenako pansi pakugunda. Nditasuzumira pakati pa udzu ndinaona chimvuu chachikazi, chonyezimira ndi mvula, kamwana kake kali pambali, chikutsika ndi njira yake ija pakati pa repu wa amayi.

Chinafika pa mitengo ya mupani, chinaikankha ndi mphuno, koma sinasunthe. Pamenepo ndi pamene zinthu zinaipa. Chinatembenuka n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa mpanda, uku ndi uku, kamwana kakulira kumbuyo, ndipo musamve zoti mvuu ndi yolemera, imathamanga kuposa munthu. M'nyumba khanda lathu linayamba kulira nalo. Mvuu itamva, inayasamula kukamwa, mano ngati mipini ya makasu, n'kukagunda mzati wa khonde. Mzati unagwa, malata anapendekeka, ndipo itagundanso khoma la chipinda chimene munali amayi, ndinaona mng'alu ukukwera kuchokera pansi mpaka pawindo. Amayi ankakuwa dzina langa, akundiuza kuti ndisatuluke, ndisatuluke mwana wanga.

Ine ndinali mwana wamanyazi, woti mlendo akandifunsa kuti ndaswera bwanji ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. Kukuwa sindikanatha. Koma ndili chiimire m'bafamo ndinaona chinthu chimodzi: nthawi iliyonse mvuu ikagunda nyumba, inkabwereranso kuyang'ana kudziwe. Sinkafuna amayi, sinkafuna ine, inkafuna madzi basi, ndipo chimene chinkaitsekereza chinali pafupi ndi ine kuposa munthu wina aliyense. Ndikanadikira ndani? Anansi anali kuminda kuingitsa anyani, ndipo khoma lija silikanapirira kugundidwa kwina.

Ndinamanga chitenje m'chifuwa, ndinadikira mpaka mvuu itazungulira kuseri kwa nyumba, n'kutuluka. Mtengo woyamba wopingasa uja unasololoka bwino. Wachiwiri unali utatupa ndi mvula, ndinaukoka mpaka khungu la m'manja linasupuka, sopo akundilowa m'maso, ndikupemphera pemphero lopanda mutu. Utagwa, phokoso lake linaitana mvuu. Ndinaimva ikubwera ndisanaione. Wachitatu, wapansi, ndinaukankha ndi phazi, ndipo sindidziwa mpaka lero kuti ndinakwera bwanji pachulu chimene chinali pambali pa mpatawo, koma ndinapezeka ndili pamwamba, nditakumbatira kamtengo kaminga. Inadutsa pansi panga penipeni, fungo lake la matope likundimenya kumaso, kamwana kali patsogolo, osandiyang'ana n'komwe. Kenako ndinamva phuvu! m'madzi, ndipo kunakhala zii.

Amayi anatuluka khanda lili kumsana, anandichotsa minga m'manja akulira, uku akundikalipira kuti ndine mwana wosamva, uku akundipsompsona pamutu pa sopo pomwepo. Atate atafika masana anapeza katundu ali m'matumba. Amayi anawauza kuti bambo a ana, nyumba yanuyi mugonamo nokha ndi mvuu zanu, ife tikubwerera ku nyumba yodontha ija. Anansi anali atadzaza pabwalo, ndipo mayi wina wachikunda anafunsa mokweza ngati aphunzitsi anali atailemba kale mvuuyo m'kalasi mwawo, popeza ankafuna kuiphunzitsa kuzungulira. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Atate anayang'ana mng'alu uja nthawi yaitali, anayang'ana manja anga, kenako anavula jekete la kumsonkhano, anatenga nkhwangwa n'kugwetsa okha zonse zimene anatseka, kumtunda ndi kumunsi. Atamaliza anandifunsa pamaso pa anthu onse, ine mwana, ngati ndikufuna kuti tichoke. Ndinayankha kuti ayi, nyumbayi ndi yathu, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga akufika mpaka kumpanda. Amayi anandiyang'ana, anapuma mozama, n'kuyamba kumasula matumba.

Sitinachoke. Khoma tinalimata, dimba tinalisamutsira kuseri, ndipo mvuu zinkadutsa nyengo iliyonse ya mvula osatikhudza, ife tikuona mapazi awo m'mawa posesa. Makolo anga akalambira m'nyumba imeneyo.

Ena amati unali mwayi chabe, koma ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anandiika m'bafamo dala. Ndipo inu amene mukufuna kugula nyumba kuchigwa kuno, musaigule mutangoiona m'chilimwe. Bwerani mudzaione madzi atadzaza, ndipo mwini wake akakuuzani kuti mpata uwu usatsekedwe, usiyeni chomwecho.